Mwini nkhokwe sapita kusikelo

 Lero tikambirana za chakudya cha mayi woyembekezera ndi mayi amene wangochira kumene, komanso thandizo limene amayenera kulandira kuti thupi lake lisafooke. Abambo, ndikudziwa kuti ena mwa inu dzanja lafika kale pa wailesi kuti musinthe siteshoni, poti nkhani za mimba mumati ndi za kuchikuta. Dikirani kaye. Inunso agogo ndi apongozi, senderani pafupi. Zambiri zimene ndinene lero zikukhudza inuyo kuposa mwini pakati.

Ndiyambe ndi kuwachotsera mlandu amayi. M'misonkhano timamva anthu ena akunena kuti amayi akumudzi ndi osamva, safuna kupita kuchipatala. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita mu 2015 ndi 2016 akutsutsa zimenezi. Mwa amayi 100 alionse amene anabereka, 95 anaonedwapo kusikelo ndi namwino, mzamba wophunzira kapena dokotala. Ana 91 mwa 100 anabadwira kuchipatala. Si mayiko ambiri mu Africa muno amene angaonetse manambala otere. Njira ya kuchipatala amayi akuidziwa ndipo akuiyenda, ena wapansi, ena pa kabaza, ena atabereka mwana wina kumbuyo.

Koma kafukufuku yemweyo anapezanso zina zosasangalatsa. Amayi amene anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira anali 24 okha mwa 100. Amene anafika kanayi kapena kuposerapo anali theka chabe. Amene anamwa mapiritsi owonjezera magazi kwa masiku 90 kapena kuposerapo anali mmodzi mwa atatu alionse. Atayeza magazi, amayi oyembekezera 45 mwa 100 anapezeka ochepa magazi. Ndipo pa ana osakwana zaka zisanu, 37 mwa 100 anali opinimbira. Mu 2010 anali 47, ndiye tatsika ndithu, koma mwana mmodzi mwa atatu akadali wamfupi poyerekeza ndi zaka zake, ndipo kwa ena mwa iwo kupinimbirako kunayambira m'mimba.

Wina afunsa kuti, kodi kuchedwa miyezi iwiri kapena itatu kuli ndi vuto lanji, si mwana amabadwabe? Tamverani. Piritsi limene amapereka kusikelo lili ndi zinthu ziwiri. China ndi ayironi, amene thupi limapangira magazi. China ndi folic acid. Ameneyu ntchito yake yaikulu amaigwira m'mwezi woyamba weniweni, pamene msana ndi ubongo wa mwana zikuumbika, mayi mwina asanatsimikize n'komwe kuti waima. Ana ena amene amabadwa ndi chotupa pamsana, msana wosatsekeka bwino, vuto lawo limachitika m'masabata amenewo. Wofika kusikelo pa miyezi isanu amapeza zonsezo zitadutsa. Kunena zoona, ngakhale wofika pa miyezi itatu wachedwa pa mbali imeneyi, n'chifukwa chake zimene mtsikana amadya asanaime n'komwe zili ndi kanthu. Akale anati m'mera mpoyamba.

Za ayironi ndiye zimaoneka ndi maso. Mayi akaima, magazi m'thupi mwake amayenera kuwonjezereka pafupifupi ndi theka kuti akwanire anthu awiri. Wochepa magazi amatopa msanga, akaweramuka amachita chizungulire, akakwera kamtunda mtima umathamanga, m'zikope ndi m'manja mumayera. Kunyumba amangoti ndi ulesi wa mimba, ena mpaka kumunyoza kuti anzake akulima iye ali gone. Tsiku lobereka likafika, magazi amene mayi wathanzi angataye n'kudzuka, wochepa magazi amapita nawo. Kutaya magazi pobereka ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ambiri m'dziko muno. Ndipo magazi sabwerera ndi mapiritsi a sabata imodzi. Amafuna miyezi, piritsi limodzi tsiku lililonse.

Kusikelo komweko n'kumene mayi amalandira Fansidar womuteteza ku malungo, amene amaphwanya magazi ndi kuchititsa mwana kubadwa wochepa thupi. Malawi inayamba kupereka mankhwala amenewa kwa amayi oyembekezera mu 1993, mayiko ambiri asanayambe. N'komwekonso amalandira neti, mankhwala a njoka za m'mimba zimene zimayamwa magazi, ndiponso kuyezedwa HIV. Mu 2011 dziko lino linali loyamba kuika lamulo loti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV nthawi yomweyo, ndipo mayiko ena anatengera kwa ife. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti nzeru zokonzera zinthu sitisowa. Chimene chimativuta ndi kufikitsa zinthuzo pa nthawi yake.

Nanga n'chifukwa chiyani amayi amachedwa? Choyamba aliyense akuchidziwa ngakhale sitichitchula pagulu. Mimba imabisidwa. Mayi amaopa kuti akaulula msanga, anthu a kaduka aimanga kapena aichotsa m'matsenga. Ndiye amadikira ionekere yokha, chitenje chikayamba kukana. Kupita kusikelo n'kulengeza, chifukwa pa benchi paja mumakumana mudzi wonse. Mantha amenewa sathetsedwa ndi kukalipa. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kuwalemekeza n'kupeza njira yowazungulira. Mlangizi wa zaumoyo, uja timamutcha HSA, akhoza kuyeza mimba mwakachetechete pakhomo, n'kumuuza mayi tsiku loti apite kuchipatala popanda mudzi kudziwa. Chinsinsi chikasungika, mayi sangadikire miyezi isanu.

Chachiwiri tinachipanga tokha ndi cholinga chabwino. Tinafuna kuti abambo azitenga nawo mbali, ndiye tinati tsiku loyamba la sikelo mayi azibwera ndi mwamuna wake. Zinali bwino. Koma m'malo ena pempholi linasanduka lamulo, moti mayi wobwera yekha amaikidwa kumapeto kwa mzere, kubwezedwa, kapena kuuzidwa kuti akatenge kalata kwa amfumu. Tangoganizani. Mwamuna ali ku Johannesburg kapena kunyanja. Mwamuna wakana mimba. Mwamuna ali ndi banja lina ndipo safuna kuonekera. Mtsikana wa zaka 16 amene anamupatsa mimba wathawa. Amene timawabweza pakhomo la chipatala ndi omwewo amene alibe wowasamala kunyumba, amene akufunika thandizo kuposa onse. Mwamuna wobwera ayamikiridwe, koma kusabwera kwake kusakhale chilango kwa mkazi.

Chachitatu ndi mtunda, ndipo sinditayapo nthawi chifukwa mukuudziwa kuposa ine. Mu 2016 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mayi azionedwa kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, m'malo mwa kanayi, ndipo Unduna wa Zaumoyo kuno unatsatira. Pa thanzi ndi zoona. Koma mayi amene amalipira kabaza popita ndi pobwera amawerengera ndalama, n'kuona kuti kuyamba mochedwa kumachepetsa maulendo. Sikelo yoyendayenda, ija anamwino amabwera pa galimoto kudzakhala pansi pa mtengo kapena m'kalasi, ndiyo imadula mtunda umenewu, koma ndi imene imayamba kuima mafuta akasowa ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Kumadera kumene chipatala chapafupi ndi cha mishoni, mgwirizano wa boma ndi CHAM, bungwe la zipatala za mishoni, umene unayamba mu 2006 unathandiza kuti amayi oyembekezera asamalipire. Boma likachedwa kubweza ndalama, zipatala zina zimayambanso kulipiritsa, ndipo mabenchi amayamba kuchepa anthu.

Tsono tiyerekeze kuti mayi wafika, mapiritsi alipo, walandira. Poti nthawi zina amapezeka atatha, koma lero tinene kuti alipo. Afika nawo kunyumba, amwa masiku atatu. Ayamba kumva nseru, m'mimba kuuma, chimbudzi kuda bii. Palibe amene anamuchenjeza, chifukwa namwino anali mmodzi, amayi anali odzaza khonde, ndipo aliyense anapatsidwa mphindi zochepa. Mayi achita mantha, afunsa kwa akuluakulu, ndipo ayankhidwa kuti mankhwala amenewo amakulitsa mwana, udzavutika pobereka, mwina adzakung'amba. Mapiritsi akwera patsindwi. Mwezi wamawa akafunsidwa kusikelo ayankha kuti ndikumwa, chifukwa ndani afuna kukalipiridwa pagulu?

Chonsecho zimene akanauzidwa n'zochepa. Chimbudzi chakuda si matenda, ndi ayironi chabe. Nseru imachepa ngati piritsi limwedwa mutadya kapena pokagona, ndipo thupi limazolowera pakapita masiku. Tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi, choncho piritsi lisatsitsidwe ndi tiyi, ndipo tiyi asamwedwe pamodzi ndi nsima. Zipatso zowawasa monga malambe, magwafa, malalanje ndi mandimu zimathandiza kuti ayironi alowe. Mwana wobadwa wochepa thupi ndi amene ali pa ngozi yaikulu, ndipo kudzimana chakudya kuti mwana achepe kumafooketsa mayi yemwe akufunika mphamvu pa tsikulo. Ndiponso inu amayi amene mumalakalaka dothi la pachulu kapena lija logulitsa pamsika, musachite manyazi kumuuza namwino. Chilakolako chimenecho kawirikawiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi.

Apa tsopano ndafika pamene pagona nkhani yanga. Kusikelo amayi amaphunzitsidwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo amawaimba bwino kwambiri: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Amauzidwa kuti woyembekezera awonjezere chakudya kamodzi pa tsiku, woyamwitsa kawiri. Amaomba m'manja, amabwerera kwawo. Koma kodi kunyumbako amene amalamula kuti nkhuku iphedwe ndani? Amene amati mtedza ndi soya zigulitsidwe kwa mavenda mwezi wa Meyi, matumba onse, ndani? Ndalama ya fodya kapena ya nandolo imakhala m'thumba la yani? Ndiwo zikachepa, nthuli imapita m'mbale ya yani, ndipo amadya pomaliza ndani? Kulangiza mayi yekhayekha za magulu a zakudya kuli ngati kulangiza waganyu za mbewu yoti adzale m'munda wa eni ake. Amva, avomera, koma mwini munda sanali pamenepo.

Mwini nkhokwe ndi bambo. Mwini malangizo ndi gogo. Kuchitengwa ndi apongozi, kuchikamwini ndi amake a mkaziyo ndi azakhali ake. Anthu amenewa ndi amene amati woyembekezera asadye mazira, mwana angadzabadwe wopanda tsitsi. Ndi amene amaletsa nsomba zina, nyama zina, nzimbe, tsabola, dera lililonse ndi zake. Sindikuwanyoza. Anabereka ana, analera zidzukulu, ndipo zimene amaletsazo amaletsa chifukwa chokonda ndi kuopa maliro. Koma dzira ndi chimodzi mwa zakudya zabwino kwambiri zimene mayi wakumudzi angapeze popanda kupita kumsika, ndipo tsitsi la mwana silikhudzana nalo. Mtsikana wa mimba yoyamba sangatsutse apongozi ake chifukwa cha mawu a namwino amene amamuona kamodzi pamwezi. Aliyense wokulira pamudzi akudziwa kuti sizitheka.

Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba anaziona zimenezi kalekale. Mu 2000 chipatala cha kumeneko pamodzi ndi alimi anayambitsa ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities, yolimbikitsa kudzala nandolo, mtedza ndi soya kuti nthaka ibwerere komanso ana adye bwino. Mbewu zinabereka. Koma anapeza kuti kukolola kokha sikukwanira. M'makomo ena abambo ankagulitsa zokololazo, ndipo agogo ankapitiriza kumwetsa makanda madzi a zitsamba ndi phala lamadzimadzi miyezi isanakwane, ngakhale amayi anali ataphunzitsidwa zina kuchipatala. Ndiye anasintha kachitidwe. Anayamba kuitana agogo ndi abambo kuti akhale pansi akambirane, osati kuwaphunzitsa ngati ana asukulu. Anakonza masiku ophika pamodzi, abambo nawonso atagwira mthiko. Patapita zaka, ana a m'midzi imene inatenga nawo mbali kwa nthawi yaitali anapezeka kuti akukula bwino kuposa kale. Mbewu zinali zomwezo, koma tsopano anthu oyenera anali atalowa m'nkhaniyo.

Njira yofikira pakhomo tili nayo kale. Malawi inalowa m'gulu la mayiko la Scaling Up Nutrition mu 2011, ndipo kuchokera pamenepo tinayamba kumva za masiku 1,000 oyambirira, kuyambira tsiku limene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. M'midzi yambiri munakhazikitsidwa ma care group, momwe munthu mmodzi wodzipereka amayendera makomo khumi kapena kuposerapo pang'ono. Ndi nzeru yabwino. Koma pitani mukaone amene amakhala pa mkeka pa misonkhano imeneyi: amayi okhaokha, kuuzana zimene akuzidziwa kale. Ndipo ambiri mwa magulu amenewa amakhala moyo pamene bungwe lili m'deralo. Pulojekiti ikatha, matisheti amatsala, kuyendera makomo kumazilala. Ma HSA nawo cholinga chinali choti mmodzi azisamalira anthu 1,000, koma ambiri ali ndi anthu oposa pamenepo, ndipo ena amakhala kutali ndi midzi yawo chifukwa kulibe nyumba.

Pali malo amodzi amene ndimadabwa kuti a zaumoyo sawagwiritsa ntchito mokwanira. Pakati pa Achewa pali chisamba, pakati pa Ayao pali litiwo, mwambo wolangiza mtsikana wa mimba yoyamba. Pamenepo ndi pamene malamulo a zakudya amaperekedwa, ndipo amamvedwa, chifukwa akunena ndi anankungwi. Mipingo ndi mizikiti nayonso ili ndi alangizi ake. Ngati nankungwi wakhutira kuti dzira ndi labwino ndipo piritsi silikulitsa mwana moopsa, mawu ake a usiku umodzi adzagwira ntchito kuposa zikwangwani zonse zopachikidwa pakhoma la chipatala. Koma afikiridwe mwaulemu, ngati mwini nzeru mnzathu. Mukapita kukamuuza kuti zonse zimene amadziwa ndi zachikunja, adzakuomberani m'manja, inu mukachoka apitiriza zake.

Wina anena kuti, a pawailesi, mukukamba ngati chakudyacho chilipo. Zoona, pali miyezi imene palibe chimene angalangize munthu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi nkhokwe zambiri zimakhala zopanda kanthu, ndipo ndi nthawi yomweyo imene mayi wa mimba ya miyezi isanu ndi iwiri amakhala ali m'munda wa wina kupalira kuti apeze ufa wa tsikulo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa, Nsanje ndi madera ena a kummwera. Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, ng'amba inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Thandizo likabwera pa nthawi zotere limakhala thumba la chimanga. Chimanga chimapulumutsa moyo, koma sichipanga magazi. Kuchipatala amayeza mkono wa mayi ndi kalamba kaja, ndipo wopezeka wowonda kwambiri amayenera kulandira ufa wa phala la Likuni, la chimanga ndi soya. Ufawo ukafika pakhomo pomwe ana anayi agona ndi njala, inu mukuganiza kuti mayi adya yekha? Palibe mayi wotero.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti ndalama yopita m'manja mwa mayi mwiniwake iyenera kuganiziridwa mozama. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, anakonzedwera mabanja osaukitsitsa amene alibe wogwira ntchito, monga a nkhalamba ndi a ana amasiye. Ndi ntchito yofunika. Koma mayi wachitsikana woyembekezera amaoneka ngati wamphamvu, ndiye kawirikawiri salowa m'kaundula, ngakhale ali m'miyezi imene ndalama yochepa ingasinthe moyo wonse wa mwana.

M'miyezi ina yonse, zambiri zofunika zili pafupi. Usipa, matemba ndi bonya, zodyedwa ndi minga yomwe, zimalimbitsa mafupa a mayi ndi a mwana. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya ndi kholowa, makamaka zotendera nsinjiro, si ndiwo za amphawi monga ena amaganizira. Kungoti soda amene timathira kuti zifewe msanga amaononga mavitamini ena. Mfutso wosungidwa bwino umatulutsa banja m'chilimwe. Ngumbi, ziwala ndi mphalabungu zili m'gulu la zanyama, ngakhale a m'tauni aziseka. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A wambiri, ndipo nyemba za NUA 45 zili ndi ayironi wochuluka. Boma linalamulanso kuti shuga ndi mafuta ophikira zizithiridwa vitamini A, mchere uzikhala wa ayodini, ndipo ufa wa m'fakitale uzikhala ndi ayironi ndi folic acid. Koma ufa wa kumudzi suchokera kufakitale, umachokera kuchigayo cha pamsika, ndipo tikakonola ndi kunyika chimanga kuti ufa uyere, zabwino zambiri zimapita ndi gaga kukadyetsa nkhumba. Mgaiwa sukoma m'maso, koma kwa woyembekezera ndi umene uli ndi phindu.

Tsopano mwana wabadwa. Nthungululu, zitenje, aliyense akufuna kumunyamula. Kuyambira tsiku limenelo maso onse amapita kwa khanda, ndipo mayi amaiwalika. Kafukufuku uja anapeza kuti amayi 42 okha mwa 100 ndi amene anaonedwa ndi a zaumoyo m'masiku awiri oyamba atachira, chonsecho masiku amenewo ndi oopsa kwambiri. Mayi wataya magazi, akuyenera kupitiriza mapiritsi aja kwa miyezi ina, koma ambiri amasiya tsiku lomwe atuluka m'chipatala poganiza kuti ntchito yatha. Akamapita kusikelo ya ana, amayezedwa ndi mwana. Mayi amene wamunyamulayo palibe womuyang'ana m'zikope. Kodi chingavute n'chiyani kuti pa tsiku la katemera, mayinso ayezedwe mkono, afunsidwe zimene wadya dzulo, apatsidwe mapiritsi ake? Ali kale pamenepo, ulendo walipira kale.

Kuyamwitsa kumafuna chakudya chochuluka kuposa mimba yomwe. Makolo ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake m'chikuta mayi ankaphikiridwa, kufululiridwa thobwa, osaloledwa kugwira khasu. Mwambo umenewo unali wabwino ndipo ukutha, pamene miyambo yoletsa mazira ikukhalabe. Lero mayi sabata isanathe ali kale pa mjigo. Kenako adandaula kuti mkaka sukukwana, agogo abweretsa phala mwana ali ndi miyezi iwiri. Mu 2010, ana 71 mwa 100 osakwana miyezi isanu ndi umodzi ankayamwa bere lokha. Pofika 2016 anatsika kufika pa 61. Tinabwerera m'mbuyo pa chinthu chimene tinkachita bwino. Ndipo mkaka woyamba uja wachikasu, umene ena amaufinyira pansi kuti ndi woipa, ndi umene uli ndi chitetezo chochuluka, mwana ayenera kuuyamwa ola loyamba lisanathe.

Kwa amayi apantchito, malamulo athu sagwirizana okhaokha. Unduna wa Zaumoyo ukuti yamwitsani bere lokha miyezi isanu ndi umodzi. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka tchuthi cha masabata asanu ndi atatu, kamodzi pa zaka zitatu. Masabatawo akatha, mayi wothyola tiyi ku Thyolo kapena wogulitsa m'sitolo ku Limbe achite bwanji? Nanga wantchito wa m'nyumba, amene tchuthicho sachiona n'komwe? Ena mwa inu amene mukundimvera m'galimoto muli naye kunyumba kwanu.

Za atsikana ndingonena mwachidule, ngakhale ndi nkhani ya tsiku lakelake. Kafukufuku uja anapeza kuti mwa atsikana a zaka 15 mpaka 19, 29 mwa 100 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Thupi la mtsikana wotere likukulabe, ndiye iye ndi mwana wake amalimbirana chakudya chimodzi. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti ukwati uziyambira zaka 18, ndipo m'maboma ena atsikana amalandira piritsi la magazi kamodzi pa sabata kusukulu. Koma amene wasiya sukulu chifukwa cha mimba salandira, ndipo kusikelo amaopa kukhala pa benchi limodzi ndi anzawo a amayi ake.

Mafumu, ndakusungirani kumapeto. Mbiri yanu pa uchembere wabwino ndi yaikulu. Boma litaletsa azamba akumudzi kubereketsa mu 2007, ndi inu amene munachititsa kuti amayi azipita kuchipatala. Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu inatchuka dziko lonse pa ntchito imeneyi, ndipo mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda atakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino, nyumba zodikirira zinamangidwa m'zipatala zambiri. Lero mayi wa kutali amauzidwa kuti mwezi wachisanu ndi chinayi ukakwana apite kuchidikiro. Koma kuchidikiro ambiri amadya zimene abwera nazo. Mayi amanyamula ufa, nkhuni ndi kandiwo kochepa, pamodzi ndi womudikirira amene nayenso ayenera kudya. Matenda akachedwa, masabata awiri amasanduka anayi, ndiwo zimatha, amayamba kudya kamodzi pa tsiku, nsima ya mchere, m'masabata omwe mwana akukula mofulumira ndipo mayi akusonkhanitsa mphamvu zoberekera. Ena amathawa n'kubwerera kumudzi, n'kukachirira panjira.

Wochirira kumudzi kapena panjira, m'madera ambiri mumamulipiritsa chindapusa, kwina nkhuku, kwina ndalama, kwina mbuzi. Sinditsutsana nanu lero ngati chindapusacho chili choyenera, ngakhale kawirikawiri chimagwera wosauka amene analibe ya kabaza. Funso langa ndi lakuti, mbuzi zimenezo zimapita kuti? Ngati mudzi uli ndi mphamvu yolanda mbuzi kwa mayi wobereka, uli nayonso mphamvu yoika lamulo loti khomo lililonse lipereke mbale ya nyemba kapena ya mtedza pokolola, zikasungidwe kuchidikiro. Uli ndi mphamvu yopatula kadimba pafupi ndi chipatala, achinyamata n'kumathirira. Uli ndi mphamvu yoitana abambo okhaokha pabwalo, HSA ataima pambali panu, n'kuwafunsa mmodzimmodzi kuti mwa matumba a soya amene anakolola chaka chino, ndi angati amene anatsala pakhomo. Nkhani imeneyi ikafika pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya mudzi (VDC) kapena ya dera (ADC) mwezi uno, a komiti ya chipatala abwere ndi buku losonyeza miyezi imene mapiritsi a magazi anatha, ndipo inu mubwere ndi chiwerengero cha mbuzi zija.